Uvuni wa gasi ukamangozima pakati pa ntchito

Mafoni ambiri a za mauvuni amandipeza ndili m'bulangete, ndipo mawu ake sasintha: "Amisiri, pepani takudzutsani, uvuni uja wazimanso. Mtanda wafufuma kale." Ndikangomva kuti wazimanso, osati wazima, ndimadziwa kuti ntchito yake si ya mphindi khumi. Uvuni womwe waferatu suvuta kwenikweni: umayeza, umapeza chomwe chapsa, umasintha, umalandira zako n'kumapita. Wosautsa ndi uja woyaka bwinobwino masana mmisiri ataimirira pomwepo, n'kudzazima 4 koloko m'mawa muli mathileyi asanu a masikono omwe ogula akuwadikira dzuwa likamatuluka.

Ndikunena mauvuni akuluakulu aja okhala ndi fani yozunguliza mpweya wotentha m'kati, omwe timawapeza m'mabekale, m'mahotela ndi m'makhitchini a sukulu zogonera komweko. Ena ndi a ku America monga Blodgett, Vulcan ndi Garland, ena ndi Turbofan a kampani ya Moffat, ena anabwera kudzera ku South Africa atagwirapo kale ntchito, ndipo ena alibe n'dzina lomwe. Kunja amasiyana, koma kayakidwe kake n'kofanana. Ndipo pafupifupi kulikonse komwe ndaitanidwa, ndimapeza mlandu atagamula kale: board, kabolodi ka zamagetsi komwe kamalamulira kayakidwe ka uvuni, yapsa. Board yo imanamiziridwa kwambiri. Ndi yodula, imachedwa kufika, ndipo kawirikawiri imakhala ikungogwira ntchito yake, yomwe ndi kutseka gasi ikaona kuti penapake zinthu sizili bwino. Chofunika n'kupeza chomwe yaona.

Musanakhudze chilichonse, nunkhizani. Mukamva fungo la gasi, tsekani pa silinda, tsegulani zitseko ndi mazenera, anthu atuluke, ndipo wina asayatse kapena kuzimitsa swichi iliyonse, ngakhale ya babu. Gasi wa m'masilinda ndi wolemera kuposa mpweya, choncho sathawira kudenga ngati utsi ayi. Amatsika, n'kukakhala pansi pa matebulo ndi m'ngalande za madzi. Fungo lija amachita kuthiramo dala kuti mphuno zathu zizitichenjeza. Pofuna kudziwa pomwe akutulukira, pakani thovu la sopo m'malo molumikizira mapaipi, muone pomwe pakufufuma. Za machesi ayi. Ndipo uvuni ukalephera kuyaka, dikirani mphindi zisanu musanayesenso, monga momwe amalembera pa mauvuni ambiri, kuti gasi yemwe wadzadza m'kati atuluke.

Imani pambali pake mumvetsere

Chida choyamba ndi makutu. Uvuni wotere uli ndi ndondomeko yomwe suiphonya. Mukayatsa n'kutseka chitseko, fani imayamba kuzungulira. Pa mauvuni ambiri, mota ya faniyo ili ndi kaswichi m'kati komwe kamatseka pokhapokha mota ikathamanga mokwanira, ndipo popanda chilolezo chimenechi gasi satsegulidwa. Kenako kanyali koti uvuni ukufuna moto kamayaka, mumamva thethethe wa sipaki kapena mumaona kachitsulo kakufiira, valavu yotsegula gasi imalira kuti kha, moto n'kuti phu. Pakadutsa masekondi ochepa sipaki imasiya, chifukwa sensa, kachitsulo koona moto, yatsimikiza kuti moto ulipo.

Funso lomwe ndimafunsa pa foni ndi lakuti zikuthera pati. Fani sikuzungulira n'komwe? Ikuzungulira koma sipaki kulibe? Sipaki ilipo koma moto osagwira? Moto ukugwira n'kuzima pasanathe masekondi khumi? Kapena ukuyaka theka la ola, mwina ola lathunthu, kenako n'kuyamba kufooka? Mayankho amenewa ndi matenda osiyana, ndipo munthu akandiyankha bwino ndimanyamuka ndikudziwa sipanala yoti nditenge. Ambiri amangoti "sukugwira", basi ndimanyamula bokosi lonse.

Silinda yodzadza koma yopanda mphamvu

Ndiyambe ndi kuzima kwa m'bandakucha, chifukwa ndi komwe kwadyetsa anthu ndalama zambiri pachabe. Uvuni umayamba bwino, thileyi yoyamba imapsa mokoma, yachiwiri imachedwa pang'ono, kenako kutentha sikubwereranso pomwe mwaika. Mukasuzumira, lawi lafupika, likunjenjemera, mapeto ake n'kuzima. Mukausiya ola limodzi umayakanso ngati palibe chachitika. Mmisiri akafika masana kukutentha, uvuni umamuchititsa manyazi mwini wake.

Pitani panja mukagwire silinda. Mukaipeza ikutuluka thukuta, kapena yayera ndi madzi oundana kuyambira pansi mpaka pomwe gasi walekezera, vuto mwalipeza. M'silinda gasi amakhala wamadzimadzi, ndipo kuti atuluke ngati mpweya amayenera kuwira. Powira amatenga kutentha kuchokera ku chitsulo cha silindayo ndi mpweya wapanja. Mukamakoka wambiri mofulumira, silinda imazizira, kuwira kumachepa, mphamvu yokankha gasi imatsika. Gasi wathuyu ndi wosakaniza propane ndi butane. Propane amawira ngakhale kuzizire kufika pa -42°C, pomwe butane amasiya kuwira kukangofika cha pa 0°C. Woyamba kutuluka kwambiri ndi propane, choncho silinda ikamapita kumapeto, wotsalamo amakhala butane wochuluka, waulesi uja, komanso chitsulo chomwe chikukhudzana ndi gasi chimakhala chachepa. N'chifukwa chake mwini bekale amainyamula, n'kumva kuti ikulemera ndithu, n'kulumbira kuti gasi alimo. Alimodi, koma sakutuluka pa liwiro lomwe uvuni ukufuna.

Tiwerengetsere pamodzi. Kilogalamu imodzi ya gasi imapereka mphamvu pafupifupi 13.8 kWh. Uvuni wa 16 kW, womwe pa chikwangwani cha ku America ungalembedwe 55,000 BTU pa ola, umadya kilogalamu imodzi ndi kachidutswa pa ola moto ukamayaka osapuma. Silinda imodzi ya makilogalamu 48 imangokwanitsa mlingo umenewu movutikira, ndipo ya 19 kapena ya 9 singapirire nthawi yaitali. Onjezanipo kuti ophika buledi amayamba ntchito nthawi yomwe kunja kumazizira koposa, ndiye tangoganizani June ndi July ku Dedza kapena ku Mzuzu. Onjezaniponso sitovu ndi chokazingira tchipisi zomwe zalumikizidwa pa silinda yomweyo.

Mankhwala ake si board. Ndi kulumikiza masilinda awiri kapena kuposerapo kuti azigwira ntchito limodzi, aliyense azipereka gawo lake osazizira, ndipo akhale panja, m'kanyumba ka zitsulo kopita mphepo. Zomwe ndimaona anthu akuchita pofuna kupulumutsa mtanda zimandiimitsa tsitsi: wina kuthira madzi owira pa silinda, wina kuyandikizitsa mbaula ya makala, wina kuigoneka chammbali kuti otsalawo atuluke. Silinda yogoneka imatumiza gasi wamadzi mu regulator, kachipangizo kochepetsa mphamvu ya gasi wotuluka m'silinda, ndipo akafika ku burner, chitsulo chomwe moto umayakirapo, lawi lake simungalilamulire. Buledi wa tsiku limodzi sangalipire denga.

Mukadali panjapo, werengani zolembedwa pa regulator. Pamakhala manambala awiri: mphamvu yomwe imatulutsa, mu mbar kapena kPa, ndi makilogalamu omwe ingadutsitse pa ola. Ka regulator ka sitovu ya m'nyumba kamapereka mphamvu yoyenera moto ukakhala waung'ono, koma uvuni ukatsegula kukhosi kamabanika. Paipi yopyapyala yaitali mamita ambiri imachitanso chimodzimodzi. Ena akaona choncho amathamangira regulator yopotokola ija ya mbaula zophikira mapoto akuluakulu, kuti moto ukhale wamphamvu. Imeneyo imapha valavu ya uvuni. Mavalavu a mauvuni a ku America amalembedwa kuti asalandire zoposa theka la psi, pafupifupi 35 mbar, ndipo regulator yotereyi imatha kupitirira pamenepo kambirimbiri.

Kutsutsa galu n'kukumba, ndiye mmisiri ayenera kuyeza, osati kuyerekeza. Ngakhale alibe manometer ya manambala, chida choyezera mphamvu ya gasi, kapaipi koonekera m'kati kopindidwa ngati chilembo cha U, kothiramo madzi, kamanena zoona: mbar imodzi imakankha madzi pafupifupi sentimita imodzi. Uvuni wofuna 28 mbar usiyanitse madzi masentimita 28 ndi kachidutswa, wofuna 37 mbar cha pa 38, ndipo wa ku America wolembedwa mainchesi 10 a madzi pa burner ukhale cha pa 25. Nambala yeniyeni ili pa kachikwangwani ka chitsulo ka uvuni wanu, tsatirani imeneyo. Chinsinsi n'kuyeza kawiri, koyamba moto uli wozima, kachiwiri zipangizo zonse za m'khitchini zikuyaka. Madzi akagwa kwambiri pa ulendo wachiwiri, musamasule chilichonse pa uvuni, vuto lili kumbuyo kwa khoma, ku silinda, regulator kapena paipi. Mukamasula paipi n'kupezamo timafuta tabulawuni tonanda, dziwani kuti timeneti timatsekanso regulator ndi timabowo ta burner. Muzigula gasi kwa ogulitsa omwe ali ndi chilolezo cha MERA, ndipo regulator yomwe yamwa mafuta otere ingosinthani.

Moto ukugwira, n'kuzima pompopompo

Awa ndi matenda ena. Sipaki ikulira, moto wagwira bwinobwino wabuluu, koma sipaki sikusiya, ndipo pakangopita masekondi angapo valavu ikutseka. Uvuni umayesanso, kawirikawiri mpaka katatu, kenako umangoti zii mpaka muuzimitse n'kuuyatsanso. Apa moto ulipo, koma board sikuuona.

Mmene imaonera moto n'zodabwitsa. Lawi limadutsitsa magetsi pang'ono kwambiri. Board imatumiza magetsi ku kachitsulo kosongoka komwe kali m'lawi, magetsiwo amadutsa m'motomo kukafika pa burner, n'kubwerera kudzera m'chitsulo cha uvuni ndi waya wa earth. Ndi timagetsi tochepetsetsa, ma microamp owerengeka chabe, moti kadzimbiri pang'ono kapena utoto woyera womwe moto umasiya pa kachitsuloko n'zokwanira kutseka njira. Zimitsani magetsi, tsekani gasi, masulani sensayo, ipukuteni ndi steel wool mpaka iwale. Yang'anani kadongo koyera komwe kaigwira: kakang'aluka, magetsi amathawira pomwepo osafika m'lawi, ndipo apo m'pofunika ina. Poibwezera onetsetsani kuti nsonga yake ili m'kati mwa lawi koma sikukhudza burner. Kenako tsatirani waya wake mpaka ku board. Makoswe amakonda kufunda kwa kuseri kwa uvuni, ndipo mphemvu zimamanga mudzi pa board penipeni. Masulaninso sikuluwu yomwe yagwira waya wa earth, palani dzimbiri, mangani zolimba. Ngati uvuni wanu umayatsira kachitsulo kofiira m'malo mwa sipaki, kameneko musakapale kapena kukagogoda, kamasweka ngati bisiketi.

Pali bekale ina ku Lilongwe komwe mayi mwini wake anali atagula kale ma board awiri ndisanafike. Yoyamba anaiitanitsa ku Johannesburg, yachiwiri anawabweretsera wachibale. Zonse ziwiri zinkachita chimodzimodzi: masiku ena bwinobwino, masiku ena moto kugwira n'kuzima. Ndinayeza gasi, anali bwino. Ndinapukuta sensa, uvuni unayaka tsiku lonse, ndinalandira ndalama zanga ndikudzitama. Patapita masiku awiri foni inalira. Ulendo wachiwiriwo ndinangokhala pa thumba la ufa n'kumacheza ndi mnyamata wokanda mtanda, ndipo ndi iyeyo amene ananditsegula maso. Anati, "Bwana, ine ndimaona ngati umadana ndi jenereta." Palibe anali atamufunsapo. Tinazimitsa magetsi dala, n'kuliza jenereta: fani inazungulira, nyali zinayaka, moto unagwira, n'kuzima.

Majenereta ambiri ang'onoang'ono amatulutsa magetsi omwe waya wa neutral sanalumikizidwe ku earth. Firiji, mababu ndi makina okandira ufa sizisamala zimenezo, koma timagetsi ta sensa tija timasowa njira yobwerera, ndiye board imaganiza kuti moto kulibe. Anakonza ndi wa zamagetsi wovomerezeka, yemwe anakhoma chitsulo cha earth pansi n'kulumikiza neutral moyenera pa swichi yosinthira magetsi. Imeneyi si ntchito yongopotokola mawaya nokha, ikalakwika imapha munthu. Vuto lofanana nalo limabweranso wina akasintha pulagi n'kusemphanitsa live ndi neutral, chifukwa ma board ena sazindikira moto mawaya akatembenuzidwa. Choncho uvuni ukayamba misala mutangousuntha kapena mutangosintha soketi, yambani mwatsegula pulagi. Ma board awiri a mayi aja ali m'kabati mpaka lero, onse amoyo.

Mauvuni a kamoto kosazima

Akale ambiri, ndi ena otsika mtengo, ali ndi kamoto kakang'ono ka pilot komwe mumayatsa mutadina batani. Pambali pake pali thermocouple, kachitsulo komwe kakatenthedwa kamapanga magetsi okwana ma millivolt 25 mpaka 30, ongokwanira kugwira valavu kuti isatseke. Mukadina batani kwa theka la mphindi, n'kusiya, kamoto n'kuzima, musafulumire kuiweruza thermocouple. Yang'anani kaye kamotoko. Kayenera kukhala kabuluu, kolimba, kokuta nsonga ya thermocouple pafupifupi sentimita imodzi. Kakakhala kachikasu, kopepesuka ngati kandulo, ndiye kuti kabowo kake katsekeka ndi fumbi la ufa kapena ulusi wa akangaude. Kapemerereni ndi mpweya, osakatokosa ndi singano chifukwa mukakulitsa. Nati yomwe imamanga thermocouple ku valavu nayo imamasuka ndi kunjenjemera kwa fani. Imangeni ndi zala mpaka ilimbe, kenako sipanala ingowonjezera pang'ono, cha ngati kota ya kuzungulira kumodzi. Mukakakamiza mumaphwanya nsonga yake.

Kamoto kakamazima pokhapokha fani ikayamba, fufuzani chitsulo chomwe wina anachotsa osabwezera. Ndapezapo mauvuni angapo omwe chivundikiro cha kumunsi chinatsamiritsidwa ku khoma miyezi yapitayo, mphepo n'kumangolowa mwaufulu. Ndipo ndapezaponso batani la pilot litamangidwa ndi waya, lina litapanikizidwa ndi kamtengo, kuti lisamavutitse. Batani limenelo likamangidwa, moto ukazima gasi amangotulukabe m'bokosi lotsekedwa, kudikira munthu wobwera ndi machesi. Thermocouple ndi chimodzi mwa zipangizo zotsika mtengo kwambiri pa uvuni wonse. Gulani ziwiri, ina izikhala m'dirowa.

Chitseko, fani ndi kutentha kosayenera

Nthawi zina wolakwa ndi chitseko. Kuseri kwake kuli kaswichi komwe kamaimitsa fani ndi moto mukatsegula. Loko ikatha, kapena tcheni chomwe chimayendetsa zitseko ziwiri pamodzi chikakhwefuka, chitseko chimabwerera pang'ono zitsulo zikatentha, kaswichi n'kusiya. Chizindikiro chake n'chakuti fani nayo imaima limodzi ndi moto. Kankhani chitseko ndi dzanja: fani ikayambanso, mwamugwira wakuba. Konzani loko ndi tcheni, osati kumata kaswichiko ndi tepi.

Fani ikamaima yokha chitseko chili chotseka bwino, n'kudzayambanso pakapita mphindi 15 kapena 20, ndiye kuti mota ikutentha n'kumadziteteza. Mota ikaima, kaswichi kake kaja kamatsegula, gasi n'kutsekedwa, ndipo aliyense amaloza chala ku gasi. Pitani kumbuyo. Nthawi zambiri mupeza uvuni waguditsidwa ku khoma, timazenera ta mota tatsekeka ndi ufa wosakanikirana ndi mafuta, zolimba ngati chikhakha cha m'poto. Magetsi atazimitsidwa, zungulizani fani ndi dzanja: ikamalira kwekwe kapena kulimba, ma bearing atha. Ikangong'ung'udza osanyamuka mpaka mutaikankha, ganizirani capacitor, kachipangizo kothandiza mota kunyamuka, koma ameneyo amasunga magetsi ngakhale mutazula pulagi, musamugwire chisawawa. Mauvuni a ku America ali ndi mtolo wawo wapadera. Anapangidwira magetsi a 115 V ndi 60 Hz, pomwe kuno tili pa 230 V ndi 50 Hz. Thiransifoma imatsitsa ma volt koma sisintha ma hertz, choncho mota yolembedwa kuti imazungulira ka 1725 pa mphindi imangofika cha m'ma 1430, ndipo imatentha msanga. Ikadzapsa, musaitanitse yofanana nayo, funani ya 50 Hz.

Chomwe chimafupikitsa moyo wa mota koposa ndi kuzimitsa uvuni uli wotentha n'kumapita kunyumba. Kutentha kumayenda mu shafiti kukawotcha girizi wa ma bearing. N'chifukwa chake pali swichi yolembedwa cool down: tsegulani zitseko, fani izungulire mpaka m'kati muzizire. Magetsi akathima mwadzidzidzi muli pakati pophika, tsekani gasi, tsegulani zitseko zonse.

Pali kachipangizo kena koteteza, high limit, komwe kamadula zonse kutentha kukapyola malire. Pa mauvuni ena kali ndi kabatani kodina kuti kabwerere. Kudina kamodzi si mlandu, koma kakamagwa tsiku ndi tsiku, funsani chifukwa. Yang'anani pamwamba pa uvuni, pomwe utsi umatulukira. Malo amenewo ndi ofunda, ndiye anthu amayanikapo nsanza, kuunjikapo mathileyi, ena kuikapo mtanda kuti ufufume msanga. Potulukira pakatsekeka, kutentha kumabwerera m'kati ndipo lawi limabanika. Kumbali komwe kuli mabatani kulinso kafani kakang'ono koziziritsa board. Kakafa, kapena uvuni ukaikidwa moyandikana ndi chokazingira, board imatentha n'kumazima yokha, ndipo mukachedwa apo ndiye imapsadi zenizeni.

Lawi lachikasu ndi mwaye

Uvuni womwe mwagula kwa wina kunja, funso loyamba likhale lakuti unkayendera gasi wanji. Ku America, ku Britain ndi m'madera ena a Johannesburg, makhitchini amalandira gasi wa m'mapaipi a pansi pa nthaka, natural gas. Kuno tilibe ameneyo, tili ndi wa m'masilinda yekha, yemwe pa mlingo wofanana ali ndi mphamvu zoposa kuwirikiza kawiri ndi theka. Motero timabowo totulutsira gasi pa burner ya natural gas n'tokulirapo. Mukalumikiza silinda osasintha timabowoto, moto umakhala waukulu, wachikasu, wonyambita zitsulo, mwaye uli thoo. Mwayewo umakuta sensa, uvuni n'kumazima, ndiye mumapukuta lero, sabata yamawa wazimanso. Pa kachikwangwani pakalembedwa NAT kapena G20, kutanthauza natural gas, ndipo palibe chomata chosonyeza kuti unasinthidwa, muuzimitse mpaka mmisiri aike timabowo toyenera, asinthe regulator ya pa uvuniwo ndi kukonza polowera mpweya. Zotseka kabowo ndi mtovu n'kuboolanso ndi msomali ndaziona, ndipo sizinathepo bwino.

Posankha timabowo, muuzeni wogulitsa komwe uvuni ukagwire ntchito. Opanga a ku America amati malo akakwera kupitirira mamita 610, moto uchepetsedwe ndi 4 peresenti pa mamita 300 aliwonse, chifukwa kumtunda mpweya ndi wopepuka. Lilongwe ndi Blantyre zili pamwamba pa mamita 1,000, Dedza cha pa 1,600. Uvuni womwe ungayake bwino ku Nsanje ungachite mwaye ku Dedza.

Ngati timabowo n'toyenera koma lawi likadali lachikasu, chotsani burner muisuzumire. Uvuni ukakhala osagwira ntchito nthawi ya holide, akangaude ndi mavu omanga ndi dothi amalowa m'menemo. Tsukani ndi bulashi, gogodani dzimbiri lituluke. Taonaninso khitchini yonse: fani yokoka utsi ikakhala yamphamvu, mazenera onse atatsekedwa chifukwa cha chisanu, moto umasowa mpweya ndipo umatha kukokedwa kuchoka pa burner. Lawi lachikasu si nkhani ya buledi yekha. Limatulutsa carbon monoxide, mpweya wakupha wopanda fungo. Antchito akamadandaula mutu ndi chizungulire chomwe chimatha akatuluka panja, musawanene kuti ndi matsire. Zimitsani uvuni tsiku lomwelo.

Ukuyaka, koma ukupsereza mbali imodzi

Dandaulo ili limabwera limodzi ndi linalo, ndiye ndingolikhudza. Gulani thermometer ya mu uvuni, muipachike pakati, mudikire moto uyake n'kuzima katatu, kenako muyerekeze ndi nambala yomwe mwaika. Zikasiyana kwambiri, onani kachitsulo koyeza kutentha m'katimo: kangakhale kakutidwa ndi mafuta opserera, kapena kapindika n'kumakhudza khoma. Ngati ndi ka mtundu wa PT100, pa mita yoyezera magetsi kayenera kuonetsa ma ohm pafupifupi 108 kukakhala 20°C. Zikagwirizana, mwina vuto ndi kaphikidwe. Uvuni wa fani umapsetsa msanga, choncho malangizo olembedwera uvuni wamba muwatsitse ndi 15°C, apo ayi kunja kupserera m'kati muli phala.

Makeke akamatuluka opendekeka, ikani levulo pa shelefu, osati pamwamba pa uvuni, mukonze miyendo. Akamachita mafunde pamwamba, fani ikuthamanga kwambiri, ikani pa liwiro lotsika. Mbali imodzi ikamada, chotsani chitsulo chotchinga fani muone mapiko ake. Timapepala ta foyilo timakokedwa n'kukamatirira pamenepo, ndipo mafuta akaundana mbali imodzi fani imayamba kugwedeza uvuni wonse. Ngati mota yangosinthidwa kumene, tsimikizani kuti ikuzungulira mbali yomwe muvi ukuloza, chifukwa yolumikizidwa mosemphanitsa imapemererabe, koma mofooka. Pa chitseko, panikizani pepala n'kulikoka uvuni uli wozizira: pomwe likusolola mosavuta ndi pomwe kutentha kukuthawira. Ndipo musadzadze mathileyi mpaka kukhudza makoma pofuna kumaliza msanga, mphepo imafuna njira.

Kwa uvuni wozimazima uja, pachikani kope ndi pensulo pa khoma pafupi nawo. Wogwira usiku azilemba zinthu zochepa nthawi iliyonse ukazima: inali nthawi yanji, unali utayaka kwa mphindi zingati, munali pa magetsi kapena pa jenereta, fani inaima kapena inkazungulirabe, silinda inali yozizira motani ndipo inasinthidwa liti, ndi zipangizo zina ziti zomwe zinkayaka. Ngati pali foni, ajambule lawi kudzera pa kazenera ka kumunsi pomwe likuyamba kufooka. Masiku atatu kapena anayi akakwana, muwerengereni mmisiri wanu zimenezo asananyamuke kwawo, ndipo akafika mumusiye acheze ndi amene amakanda mtanda usiku.